Chigubu chimodzi cha maluwa

Ife a mu komboni madzi timawawerenga ndi zigubu. Za malita ndi mayuniti olembedwa pa bilu timazisiyira a ku ofesi. Ife timakamba kuti lero ndatapa zigubu zinayi, ziwiri zochapira, chimodzi chosamba, chimodzi chophikira ndi kumwa. Mwana wa zaka 8 amadziwa kale kulemera kwa chigubu cha malita 20, chifukwa anachikokapo kuchoka pa pompi mpaka pa khomo la amai ake. Ndiye munthu wotere akakupeza ukuthira madzi pa maluwa, amakumbukira msana wake umene unawawa potapa madziwo. Funso limene limatuluka ndi limodzimodzi ku Mtendere, ku Chawama ndi ku Kanyama: "Nanga maluwa amadyedwa?"

Funso limeneli si la munthu wansanje, ndipo sindilitenga mwachibwana. Bungwe la World Health Organization limawerengera kuti malita 20 patsiku ndiwo mlingo wochepetsetsa woti munthu mmodzi amwe, aphike chakudya ndi kusamba m'manja. Ndiye kuti chigubu chimene mwatsanulira pa maluwa ndi tsiku lathunthu la munthu wina. Amene afuna kusunga maluwa pa malo ngati athu ayenera kukhala ndi yankho, ndipo kukamba chabe kuti "ndimawakonda" sikukwanira. Yankho liyenera kukhala loti aneba atha kuliwerenga ndi maso awo. Langa ndi baketi ya pulasitiki yokhala pa mabuloko, ndi paipi yakuda ya mamita 8.

Ndimachita lendi ya zipinda ziwiri pa yadi ya mabanja asanu kuno ku Lusaka. Pompi ndi imodzi, mita ndi imodzi, ndipo bilu timagawana kumapeto kwa mwezi malinga ndi mitu ya anthu pa khomo lililonse. Pansi pa windo langa pali bedi la maluwa, mita imodzi m'lifupi ndi mamita 4 m'litali. Munali marigold, zinnia, geranium ndi mitengo iwiri ya rozi imene ndinagula ili m'timapepala takuda kwa anyamata ogulitsa mbande m'mbali mwa msewu wa Leopards Hill. Zaka za mvula yabwino palibe amene ankaliwerengera bedi limeneli. Ndinkalithirira ndi keni madzulo, ana ankathyola duwa popita ku sukulu, ndipo atsikana a pa yadi ankaima pamenepo akafuna chithunzi choika pa Facebook.

Kenako kunabwera 2024. Mvula inadula pakati pa nyengo, chimanga chinauma chili chiimire, ndipo pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chija ndi tsoka la dziko lonse. Madzi a mu Kariba anatsika, malaiti anayamba kupita maola ambiri, ndipo pofika Seputembala tinkawaona maola atatu chabe patsiku, masiku ena osawaona n'komwe. Ambiri sitiganiza kuti madzi a mu pompi amayenda ndi malaiti. Gawo lina la madzi a Lusaka limapopedwa kuchokera ku mtsinje wa Kafue, mtunda wa makilomita pafupifupi 50, ndipo gawo lina limachokera m'ma borehole. Zonsezi zimafuna mapampu. Malaiti akapita, pompi imatsokomola kawiri katatu n'kukhala chete. Yathu inayamba kutulutsa madzi cha m'ma 02 hours, ndipo amene wagona tulo tofa nato ankadzuka n'kupeza zigubu zake zili gwa.

Loweruka lina amai a landilodi anatiitana tonse pansi pa mtengo wa mango.

"Ana anga, bilu yakwera koma madzi kulibe," anatero. "Hosipaipi ndaichotsa. Motoka sitsukidwanso pano, ndipo zothira madzi pa yadi kuti fumbi ligone zatha. Iwe mwana wanga, maluwa aja uzule. Ngati ufuna kuthirira, bzalapo repu."

Aneba anga, amai a ana atatu, anawonjezera: "Ise tiuka 02 hours kutapa manzi, manje benangu bathirira maluwa. Ni chilungamo icho?"

Palibe amene anaseka. Ndinati, "Amai, ndamva. Ndipatseniko masabata awiri. Maluwa azimwa chigubu chimodzi patsiku, chotapa ine ndekha, ndipo baketi yake izikhala poonekera. Ndikapitirira chimodzi, ndidzazula ndi manja anga." Anavomera, ndipo ndikhulupirira kuti mumtima anali otsimikiza kuti dzuwa la Okutobala lidzawamalizira nchitoyo.

Mwina mufunsa chifukwa chake munthu wamkulu angalimbane ndi landilodi pa nkhani ya marigold. Chifukwa changa chili mu mbiri ya tauni yathu. Atsamunda anasamutsa likulu kuchoka ku Livingstone kubwera ku Lusaka mu 1935, ndipo mapulani amene Stanley Adshead anajambula mu 1931 anali a mzinda wa mitengo ndi minda ya maluwa. Mpaka lero ena amautcha Garden City. Koma minda imeneyo inali ya ku Ridgeway ndi ku Rhodes Park. Makolo athu amene anamanga nyumbazo ndi kuthirira kapinga wake ankagona m'makomboni a anchito, ena otchedwa ndi maina a makampani omanga monga John Laing ndi John Howard. Munthu wakuda anali gadeni boyi, duwa linali la bwana. Maganizo amenewo sanachoke ndi ufulu wa 1964. Tikaona bougainvillea ikusefukira pa mpanda ku Kabulonga timati ndi mmene ziyenera kukhalira, koma duwa limodzi pa khomo la mu komboni timati mwini wake adzimva. Ngakhale mu komboni imene dzina lake ndi Garden, fumbi ndilo lambiri kuposa maluwa. Pomwe mafamu ozungulira Lusaka akhala akulima marozi m'ma greenhouse ndi kuwakweza ndege kupita ku misika ya ku Netherlands. Manja amene amadula marozi amenewo amabwerera madzulo ku makomo opanda duwa. Zimenezi zimandiwawa, ndiye chifukwa chake sindinafune kuzula.

Koma mbiri sithirira bedi. Ndinafunika kudziwa kuti maluwa amamwa madzi ochuluka bwanji, ndipo masamu ake ndi osavuta. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa malo a mita imodzi uku ndi uku, ndiye kuti pagwa lita imodzi ya madzi. M'nyengo yotentha, dzuwa ndi mphepo zimachotsa mamilimita 5 kapena kuposerapo patsiku pa malo obzalidwa. Bedi langa ndi masikweya mita 4, choncho 4 kuchulukitsa ndi 5 ndi malita 20, chigubu chimodzi ndendende. Mu Juni ndi Julayi, kukazizira, theka lake limakwana. Manje yerekezerani ndi hosipaipi. Pompi yathu, madzi akabwera ndi mphamvu, imadzaza chigubu m'mphindi ziwiri. Munthu akaima ndi hosipaipi mphindi 15, uku akuyankha mauthenga pa WhatsApp, wamaliza malita 150, zigubu 7 ndi theka, ndipo iye mwini sadziwa. Hosipaipi ilibe malire ooneka, n'chifukwa chake imayambitsa ndeu pa yadi ya mita imodzi.

Keni ili ndi malire, koma nayo imataya m'njira yake. Madzi amagwa onse nthawi imodzi pa nthaka youma gwa. Ena amathamangira m'njira, ena amanyowetsa masamba ndi malo opanda mbewu, ndipo pofika 10 hours dzuwa latenga gawo lake. A FAO amayerekezera kuti pa kuthirira kosefukiza madzi pamwamba pa nthaka, malita pafupifupi 60 pa 100 alionse ndiwo amathandiza mbewu. Pa ma sprinkler ndi 75, ndipo pa drip ndi 90. Munthu amene walonjeza chigubu chimodzi chabe afunika njira yoti pafupifupi dontho lililonse lifike ku muzu.

Za drip ndinazimva bwino ku wailesi kumene ndimathandiza, tsiku limene mlangizi wa zaulimi anabwera pa pulogalamu ya alimi kudzayankha mafunso a olima tomato. Njira yamakono imeneyi inachokera kwa Simcha Blass, injiniya wa madzi ku Israel, amene anaona mtengo umodzi utakula kuposa anzake pa malo ouma. Atakumba anapeza paipi yodontha pafupi ndi mizu yake. Mu 1965 iye ndi alimi a ku Hatzerim, m'chipululu cha Negev, anayambitsa kampani ya Netafim yopanga mapaipi odontheza madzi mwadala. Mafamu aakulu amasewenzetsa mapampu ndi mathanki, koma Richard Chapin wa ku America anaonetsa kuti njira yomweyo itha kuyenda ndi baketi yokwezedwa m'mwamba, popanda pampu, popanda malaiti. M'chaka cha load shedding, mawu akuti "popanda malaiti" ndiwo anandikhala m'mutu.

Zofunika ndi izi. Baketi ya malita 20 yokhala ndi chivundikiro chake. Ija ya penti kapena ya mafuta ophikira ikwana mukaitsuka bwino. Paipi ya drip ya mamilimita 16, yokhala ndi timabowo todonthera pa masentimita 30 alionse, imene mashopu a zaulimi amagulitsa. Ka tank connector kolumikizira paipi ku baketi, kavaluvu kotsegulira ndi kutseka, ka T kogawira madzi ku mapaipi awiri, kasefa kakang'ono, ndi malegeni. Pogula muuzeni wogulitsa kuti madzi azichokera mu baketi, chifukwa pali mtundu wina wa drip umene umafuna mphamvu ya pampu kuti utseguke, ndipo pa baketi umangokhala duu. Zonse pamodzi, kupatula baketi imene ndinali nayo kale, sizinafike pa mtengo wa thumba la unga wa breakfast la 25 kg.

Boolani baketi pambali, zala ziwiri kuchoka pansi, kuti mchenga uzitsalira pansi osalowa mu paipi. Ikwezeni mita imodzi kapena imodzi ndi theka pa mabuloko, pa sitandi ya matabwa, kapena ya chitsulo ngati muli ndi mnzanu wowotcherera ku Kalingalinga. Kukwera kumeneko ndiko pampu yanu. Madzi akakhala pamwamba amakankha okha, ndipo baketi ikakwera kwambiri amakankhanso kwambiri. Kumbukirani kuti malita 20 amalemera 20 kg, choncho sitandi yogwedezeka pa yadi ya ana ndi ngozi. Salazani bedi kuti lisatsetsereke, apo ayi maluwa a kumunsi azimwa, a kumtunda akuyang'ana. Yalani mapaipi awiri m'litali mwa bedi, motalikirana pafupifupi theka la mita, timabowo titayang'ana kumwamba kuti dothi lisatitseke. Kumapeto pindani paipi kawiri ndi kumanga ndi legeni. Pomaliza phimbirani bedi lonse ndi udzu wouma kapena masamba, paipi ili pansi pake. Kuphimbira musakudumphe, chifukwa ndiko kumaletsa dzuwa kutenga zimene baketi yapereka.

Tsiku loyamba munthu amakhumudwa, chifukwa palibe chooneka. Mukasuntha udzu mupeza timawanga tonyowa tofanana ndi pansi pa kapu, basi. Pa bedi langa timabowo 26 timamaliza baketi mu ola limodzi ndi kanthu. Nchito yeniyeni imachitika pansi, kumene madzi amalowa ndi kufalikira ngati anyezi, moonda ndi mozama pa nthaka ya mchenga, motambalala pa nthaka ya dongo. Lowetsani chala chonse pafupi ndi tsinde. Chikatuluka chozizira, dothi litamatirira, ndiye kuti zakwana. Aneba aja ataona paipi ikutsika kuchoka mu baketi anaima manja m'chiuno: "Maluwa yanu yadwala? Mwayaika pa drip monga ku chipatala!" Dzinalo linakhala, ndipo ana mpaka lero amatcha bedi langa wodi.

Panabweranso zabwino zimene sindinaziwerengere. Masamba a rozi analeka kunyowa, ndipo mawanga akuda amene amakonda tsamba lonyowa anachepa. Udzu wosafunika unasowa pomera chifukwa pakati pa mizere pamakhala pouma. Nthaka inaleka kuuma chikhakha pamwamba monga imachitira ukaimenya ndi madzi a keni. Ndipo masiku amene ndili pa pulogalamu ya m'mawa, pamene ndimachoka pa nyumba 05 hours, ndimangotsanulira chigubu mu baketi, kutsegula valuvu, n'kuthamangira basi. Pamene ndikuwerenga zidziwitso za maliro ndi za mbuzi zosowa, maluwa amakhala akumwa.

Musanamizidwe kuti mukaika ndiye mwamaliza. Lusaka inakhala pa mwala wa laimu, ndipo madzi a m'ma borehole athu amanyamula laimuyo. Yang'anani choyera chija mkati mwa ketulo yanu. Chimene chimachitika mu ketulo chimachitikanso mu kabowo ka drip. Choncho Loweruka lililonse ndimamasula malegeni a kumapeto kuti madzi atuluke mwamphamvu kwa masekondi ochepa, atenge zonse zimene zaunjikana, ndipo sefa ndimaitsuka ndi mswachi wakale. Timabowo tikatseka ndimachotsa paipi ndi kuiviika usiku umodzi m'madzi osakaniza ndi viniga, amene amasungunula laimu. Osabaya ndi singano, chifukwa mukakulitsa kamodzi, kameneko kazimwa gawo la anzake. Chivundikiro nacho chili ndi nchito ziwiri. Kuwala kukalowa mu baketi mumamera ndere zimene zimatseka sefa, ndipo madzi osavundikira ndi nyumba ya udzudzu. Simungapemphe aneba kuti alole maluwa anu uku mukuwawetera malungo. Palinso ena amene amatola timapaipi ta drip ya kuchipatala totayidwa, ati tili ndi kavaluvu kale. Zisiyeni zimenezo. Zinalumikizidwa ku mtsempha wa wodwala, ndipo malo ake ndi pa moto wa chipatala.

Gawo lina la chigubu changa si madzi atsopano. Otsukira ndiwo zamasamba, tomato ndi mpunga ndimawasunga mu beseni kuti adikhe, kenako ndimawasefa ndi kansalu polowa mu baketi. Madzi a sopo wochapira ndi a mafuta a m'mbale sindiika mu drip iyai, chifukwa amatseka timabowo, ndipo sopo wa ufa ali ndi mchere umene umaunjikana m'nthaka. Otsukuluzira zovala omaliza ndimathira ndi manja pa bougainvillea ya ku geti, imene siidandaula ndi kanthu.

Ngati ndalama ya paipi palibe, nkhani siinathe. Tengani botolo la malita 2, boolani timabowo tiwiri kapena titatu cha kumunsi ndi singano yotentha, ndipo likwirireni pafupi ndi tsinde, kukamwa kuli kunja. Chitsekero chake ndicho valuvu. Mukachilimbitsa madzi amatuluka pang'onopang'ono, mukachimasula amafulumira. Yabwino koposa ndi mtsuko wa dothi wosapakidwa penti, uja agogo ankasungiramo madzi akumwa. Madzi a mu mtsuko amazizira chifukwa mtsuko umatuluka thukuta. Mukaukwirira mpaka m'khosi ndi kuuvundikira, thukuta lomwelo limapita ku nthaka. Nthaka ikauma imakoka kwambiri, ikanyowa imaleka yokha, ndipo mizu imabwera kudzakumbatira mtsukowo. Ku China njira imeneyi inalembedwa m'buku la zaulimi la Fan Shengzhi zaka zoposa 2,000 zapitazo. Amai oumba mbiya kumudzi kwanu ali ndi drip m'manja mwawo, kungoti palibe amene anaiika mu shopu.

Masabata awiri anatha, amai a landilodi osakamba kanthu. Pa yadi ngati yathu, landilodi akakhala chete ndiye kuti walola. Koma tinapangana malamulo atatu, ndipo ndiwo agwira mtendere kuposa paipi. Loyamba, chigubu cha maluwa ndi chimodzi, chachikasu, chokhala ndi chizindikiro cha penti, ndipo chimadzazidwa kamodzi patsiku. Lachiwiri, chimaima kumapeto kwa mzere, mabanja onse atatapa. Lachitatu, pompi ikauma kupitirira tsiku limodzi, maluwa amadikira, ndipo amalandira chabe madzi otsukira ndiwo.

Lamulo lachitatu linayesedwa mu Okutobala, pamene pompi inakhala masiku anayi osatulutsa dontho. Tinkagula madzi kwa munthu wina wa borehole ya sola, kukankha zigubu pa wilibala dzuwa lili paliwombo. Chachikasu chija chinapita nawo, koma chinabwera ndi madzi ophikira. Zinnia zinagwa tsiku lachitatu ndipo sizinadzukenso. Mtengo umodzi wa rozi unayoyola masamba onse, n'kudzaphukanso mvula itagwa. Marigold ndi geranium zinkafota masana ndi kudzuka usiku, ndipo zinapulumuka chifukwa cha udzu wophimbira ndi mizu imene inazolowera kufuna madzi pansi. Zinnia zanga ndinazidandaula, koma lamulo linali lachilungamo, ndipo sabata imeneyo ndiyo inachititsa aneba kuleka kuyang'ana baketi ngati mbala. Pamalo pa zinnia tsopano pali aloe ndi portulaca, zimene zimasunga madzi m'masamba awo.

Pokankha wilibala masiku amenewo tinkadutsa mipanda ina kumene ma sprinkler ankazungulira pa kapinga masana dzuwa likuswa mtengo. Mwini borehole amati madzi ndi ake chifukwa analipira oboola. Koma pansi pa Lusaka madzi amayenda m'ming'alu ya mwala womwe uja wa laimu, osafunsa malire a puloti, ndipo amene akoka kwambiri amatsitsira ndi anzake. N'chifukwa chake kuyambira 2018 malamulo amafuna kuti borehole iliyonse ilembetsedwe ku WARMA. Funso la aneba anga liyenera kufikanso kuseri kwa mageti amenewo. Ngati munthu wa lendi atha kuwerengera maluwa ake chigubu chimodzi, wa kapinga wa theka la ekala sangalephere kuthirira madzulo ndi kuika drip pa mabedi ake.

Amai a ana atatu aja, amene anafunsa za chilungamo, ndiwo anayamba kubwera kudzafunsa kumene paipi inagulidwa. "Aneba, nifuna yanga ya repu na chibwabwa." Tinaika yawo kuseri kwa nyumba Lamlungu lina titachoka ku tchalitchi. M'mphepete mwa bedi lawo anabzala mbande za marigold zimene ndinawapatsa, atamva kuti mizu yake imachepetsa timinyongolotsi tosaoneka ndi maso timene timatupitsa mizu ya tomato ndi delele. Iwo amati anabzala ngati mankhwala chabe. Koma ndinawaonapo akuthyola duwa limodzi n'kulisomeka m'tsitsi la mwana wawo wamng'ono.

Mu Disembala agogo aamuna a pa yadi yoyandikana nafe anamwalira. M'mawa wa tsiku loika maliro, amai a landilodi anagogoda pa chitseko changa, sizasi ili m'manja. "Mwana wanga, nkhata za ku manda zadula. Tidulepo pang'ono apa." Anadula marigold onse otseguka ndi marozi atatu, ndipo adzukulu a malemuwo anakaika pa manda. Za msonkhano wa pansi pa mango sitinakumbutsane, ine kapena iwo. N'zoona, maluwa sadyedwa. Koma pali masiku amene banja limafuna chinthu chogwira m'manja potsanzika munthu wawo, ndipo tsiku limenelo chinapezeka pa yadi pomwepo.

Kwa inu amene muchita lendi ndipo muli ndi kadanga pansi pa windo, yambani ndi kukamba ndi landilodi ndi aneba, nambala ya zigubu ili kale pakamwa. Pimani bedi, chulukitsani masikweya mita ndi 5, ndipo ngati yankho lipitirira zimene msana wanu ndi yadi yanu zingapereke, chepetsani bedi. Bzalani mvula ikamatha, mu Epulo kapena Meyi, kuti pofika kutentha kwa Seputembala mizu ikhale itazama. Mbande zonse simufunika kugula. Kanthambi ka geranium kopempha kwa aneba kamagwira kokha mukakasomeka m'dothi lonyowa, ndipo duwa limodzi la marigold likauma limapereka mbewu zokwana bedi lonse. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Ndipo musaope kuti nyumba si yanu. Tsiku losamuka paipi imapindika n'kulowa mu baketi yomweyo, baketi n'kukwera pa Canter pamodzi ndi matiresi ndi mbaula. Maluwa okha ndiwo mumasiyira wobwera pambuyo panu. Mukamupatsa makiyi, muuzeniko kuti amamwa chigubu chimodzi patsiku, ndi theka kukazizira.